Madzi a pasukulu: chifukwa chake mjigo pawokha sukwanira

Pa 3 Januwale 2023, tsiku limene ana a sukulu m'Malawi muno ankabwerera m'kalasi kukayamba teremu yachiwiri, anzawo a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anali atauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Khumbize Kandodo Chiponda, inalengeza kuti sukulu za pulayimale ndi za sekondale m'mizinda iwiriyi zichedwe kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo zinadzatsegulidwa pa 17 Januwale. Mliriwo, umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, unafika m'maboma onse a dziko lino, unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Chimene chinaopsa akuluakulu sichinali chachilendo kwa mphunzitsi aliyense. Sukulu ndi malo amene ana mazanamazana amasonkhana kwa maola ambiri, kumwera kapu imodzi, kudyera phala pamodzi ndi kulowa zimbudzi zochepa, kotero kuti ngati pamalopo palibe madzi odalirika, matenda a mwana mmodzi amafika m'makomo ambiri pa masiku owerengeka.

Nkhani ya madzi a pasukulu imakambidwa kawirikawiri ngati nkhani yokumba mijigo. Phungu amalonjeza mjigo, bungwe lachifundo limabwera ndi chigalimoto chokumbira, amfumu ndi mphunzitsi wamkulu amalankhula pa tsiku lopereka, ndipo m'mabuku a boma sukuluyo imalembedwa kuti ili ndi madzi. Ine ndikuona kuti pamenepo ntchito imakhala itangoyamba kumene, ndipo kuti mavuto ambiri amene ana amakumana nawo amachokera pa zimene zimachitika, kapena zimene sizichitika, alendo aja atapita. Mabungwe a WHO ndi UNICEF, amene amawerengera za madzi m'sukulu padziko lonse, samafunsa ngati mjigo ulipo chabe ayi. Amafunsa ngati madzi akutuluka pa tsiku limene wofufuza wafika, ndiponso ngati pamalo osambira m'manja pali madzi ndi sopo pa nthawi yomweyo. Funsolo ndi loyenera, koma munthu wodziwa nyengo za kuno angawonjezepo ena. Kodi madziwo akwanira ana onse? Kodi ndi abwino kumwa akafika pakamwa pa mwana? Kodi mu Okutobala adzakhalapobe? Nanga pampu ikathyoka Lachiwiri m'mawa, ndani amene adzatulutse ndalama m'thumba?

Tiyambe ndi kuchuluka kwake, chifukwa apa masamu ndi osavuta ndipo amaulula zambiri. M'malangizo ake a 2009 okhudza sukulu za m'madera osauka, bungwe la WHO linaika malita 5 pa tsiku kwa mwana aliyense ndi wogwira ntchito aliyense pasukulu yoyendera, ndi malita 20 pasukulu yogonera konko, kusawerengera madzi a zimbudzi zogejemula, zimene zimafuna malita ena 10 mpaka 20 pa munthu. Sukulu ya ana 1,000, imene kuno si yachilendo ngakhale kumudzi, ikufunika malita 5,000 tsiku lililonse, ndiwo ndowa 250 za malita 20. Mjigo wabwino wopopa ndi manja umayembekezeka kutulutsa malita osachepera 10 pa mphindi, ndiye kuti ndowa imodzi imadzadza m'mphindi ziwiri. Kuti ndowa 250 zidzadze pa liwiro limenelo, munthu ayenera kupopa maola oposa asanu ndi atatu osapuma, pomwe ana ambiri a pulayimale amaweruka nthawi ya nkhomaliro isanapitirire kwenikweni. Muyezo umene boma limagwiritsa ntchito kumidzi ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. Sukulu ya ana 1,000 yokhala ndi mjigo umodzi yasenzetsa kale mjigowo katundu wa mijigo inayi, ngakhale mayi mmodzi wa m'mudzi asanafike ndi ndowa yake.

Kuchuluka kwa anaku kuli ndi mbiri yake. Pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pafupifupi pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo lero chinapitirira 5 miliyoni. Chinali chinthu chabwino ndithu kuti mwana wa mlimi alowe m'kalasi. Koma maso onse anapita pa aphunzitsi, mabuku ndi midadada ya makalasi, pamene madzi ndi zimbudzi zinkabwera pambuyo, nthawi zambiri kudzera m'mabungwe amene ntchito zawo zimatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu.

Amene anaimapo pafupi ndi mjigo wa pasukulu pa nthawi ya bureki amadziwa mmene zimakhalira. Chitsulo chopachikidwa pamtengo wa mango chikangolira, ana amathamangira kumjigo onse nthawi imodzi. Mnyamata wa Sitandade 5 amagwira chogwirira n'kumachikweza ndi kuchitsitsa mothamanga, akuchimenyetsa pansi mpaka kumveka phokoso la chitsulo, pamene anzake khumi apinda manja pansi pa mpopi kuti amwe, ena atsekereza kukamwa kwa mpopiwo ndi chikhatho kuti madzi athovokere m'mbali. Ana a Sitandade 1, amene msinkhu wawo sufika pa chogwirira, amaima kumbuyo kudikira, ndipo belu lobwerera m'kalasi limalira ambiri a iwo asanalawe dontho. Pambali pali mzere wa ndowa ndi zigubu za amayi a m'mudzi, amene aima pang'ono kupereka mpata koma nawonso asiya moto kunyumba. Madzi otayika amayenda m'ngalande yong'aluka n'kukaima m'chithaphwi chimene mbuzi ndi nkhumba zimamwamo. Mu mphindi zochepa zimenezi muli pafupifupi vuto lililonse la madzi a pasukulu, ndipo palibe ngakhale limodzi limene lingathe ndi kukumba kokha.

Pampu imene ili pa mijigo yambiri ya kuno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo Amalawi ambiri sadziwa kuti mizu yake ili kwathu konkuno. Inachokera pa pampu ya Maldev, imene inayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, kenako n'kukakonzedwanso ku Kenya. Nzeru yake yaikulu ndi yakuti anthu a pamudzi angathe kuitsegula okha ndi sipanala imodzi. Ndodo zachitsulo zimene zimatsikira pansi, zimene amakaniki amati malodi, zimakolekana popanda mabawuti, ndipo kachipangizo kokankha madzi pamodzi ndi kavalavu ka pansi zimatuluka popanda kuzula mapaipi. Zimene zimatha msanga ndi tizinthu tating'onoting'ono: kalabala kozungulira kamene kamatseka madzi kuti asabwerere, ndi mabushi apulasitiki amene chogwirira chimazungulirapo. Tizinthu timeneti timayenera kusinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo pamjigo wotanganidwa ngati wa pasukulu timatha msanga kuposa pamenepo.

Pampu imachenjeza isanafe. Ngati m'mawa munthu ayenera kupopa kambirimbiri madzi asanatuluke, ndiye kuti kavalavu ka pansi kapena paipi ikudontha, madzi akubwerera usiku. Ngati chogwirira chayamba kugwedera m'mbali ndi kulira, mabushi atha, ndipo akasiyidwa choncho chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake mpaka mutu wa pampu kuwonongeka. Ngati ndowa imene inkadzadza m'mphindi ziwiri tsopano ikutenga zisanu, kalabala kaja kaperepeseka. Zizindikiro zonsezi mwana wa Sitandade 7 angathe kuphunzitsidwa kuziona ndi kuzilemba m'kope mlungu uliwonse. Chimene chimandipweteka n'chakuti kachipangizo ka mtengo wochepa kakasiyidwa, pakapita miyezi ingapo pamafunika ndalama zimene sukulu singazipeze, ndipo mjigo umene unadya ndalama zankhaninkhani pokumba umakhala chitsulo chongoima, ana n'kubwerera kudambo.

Funso lenileni ndi lakuti mjigowo ndi wa yani. Kumidzi dongosolo lake ndi lakuti mjigo uliwonse ukhale ndi komiti ya anthu a pamudzi, imene imatolera kangachepe pakhomo lililonse mwezi ndi mwezi, kusunga ndalamazo, kugula zipangizo ndi kuitana mekaniki wa m'dera ntchito ikakula. Mjigo wa pasukulu umagwera pakati. Anthu a m'mudzi amati ndi wa sukulu, choncho akonze ndi aphunzitsi. Aphunzitsi amati amene amatunga kuyambira mbandakucha mpaka usiku, Loweruka ndi Lamulungu ndi nthawi ya holide yomwe, ndi anthu a m'mudzi. Komiti yoyendetsa sukulu ndi komiti ya makolo ndi aphunzitsi zili ndi ntchito zina zambiri, ndipo ndalama zothandizira chitukuko cha sukulu, zimene aphunzitsi amazitchula kuti SIG, ndi zochepa, sizifika nthawi zonse pa nthawi yake, komanso zikuyembekezeredwa ndi choko, mabuku, zitseko ndi denga lodontha. Kukhoma mjigo ndi loko kuti ukhale wa ana okha kumaoneka ngati yankho, koma kumabala chidani, ndipo mjigo umene mudzi suukonda ulibe mlonda usiku pamene akuba malodi afika. Njira imene ndimaikhulupirira ndi pangano lolembedwa pakati pa sukulu, amfumu ndi komiti ya mjigo, lonena maola amene ana amayamba ndiwo kutunga, ndalama zimene makomo ndi sukulu aziponya, ndi dzina la munthu wosunga thumba. Pangano lotere liyenera kumangidwa chigalimoto chokumbira chisanafike, chifukwa madzi akangotuluka aliyense amakhala atapeza kale chimene amafuna.

Kuti kuwerenga mijigo kumanyenga, akatswiri anakuonetsa. Cha m'ma 2016 ndi 2017, ofufuza a ku Chancellor College pamodzi ndi a British Geological Survey anayendera mijigo 200 m'maboma asanu a dziko lino. Pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse inkatulutsa madzi pa tsiku limene anafika. Koma atawonjeza mafunso akuti kodi ikutulutsa madzi okwanira, kodi sinakhale nthawi yaitali itafa m'chakacho, ndipo kodi madzi ake ndi abwino, imene inakhoza zonse inali yosakwana theka. Kafukufukuyo anali wa mijigo ya m'midzi, koma palibe chifukwa choganizira kuti ya pasukulu, imene imagwira ntchito yolemetsa kwambiri, ili bwino kuiposa.

Mijigo ina imabadwa yolumala. Wokumba akalipidwa pokhapokha atapeza madzi, amakopeka kuima pamene wangowapeza, makamaka ngati akukumba m'dzinja kapena mvula itangosiya, madzi a pansi ali pamwamba. Mjigo wotere umasangalatsa mu Meyi, n'kuyamba kutsokomola mpweya mu Okutobala, madzi atatsika kupitirira pamene pampu inalekezera. Nthawi zinanso malo okumba amasankhidwa poona kufupi ndi ofesi ya ahedi kapena nyumba za aphunzitsi m'malo mopima nthaka. Lamulo la madzi la 2013, limene linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limafuna kuti okumba mijigo akhale ovomerezeka, koma lamulo silingaime pamalo pamene akukumba. Pamafunika munthu wodziwa ntchito wochokera ku ofesi ya madzi ya pa boma kuti aone kuya kwake, aone mmene mapaipi ndi miyala yosefera zaikidwira, aonetsetse kuti kukamwa kwa dzenje kwatsekedwa ndi simenti, ndiponso kuti madzi apopedwa kwa maola angapo kuyesa mphamvu yake. Mphunzitsi wamkulu ayenera kusiyiridwa pepala lonena zonsezi, chifukwa tsiku limene mekaniki adzafunse kuti mjigowu ndi wakuya bwanji, ahedi amene analipo pokumba adzakhala atasamutsidwa kalekale.

Ubwino wa madzi nawo uli ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya pansi pa nthaka. M'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuli malo amene madzi a m'mjigo ndi amchere moti ana amawakana n'kupita kumtsinje, kumene kuli ng'ona ndi likodzo. M'madera ena, monga ku Nathenje m'boma la Lilongwe, madzi ali ndi mchere wa fluoride wochuluka kuposa mamiligalamu 1.5 pa lita amene WHO imaloleza, ndipo chizindikiro chake chimaoneka pa mano a ana, amene amachita mawanga ofiirira osachoka ndi mswachi. Palinso kuyandikana kwa mjigo ndi zimbudzi. Malangizo amati pakhale mamita osachepera 30, ndipo zimbudzi zikhale kumunsi. Pasukulu lamuloli limasweka pang'onopang'ono popanda wozindikira, pakuti chimbudzi chikadzadza kapena kugwa ndi mvula, makolo amakumba china pambali pake, chaka china chinanso, mpaka mzere wa maenje wafika pafupi ndi madzi.

Mbali yachiwiri ndi ulendo wochokera pampopi kufika pakamwa, ndipo apa ndi pamene madzi abwino amaipira nthawi zambiri. Ndowa yosavundikira yoikidwa pakona ya kalasi, yokhala ndi kapu imodzi imene mwana aliyense amaviika pamodzi ndi zala zake, imasandutsa madzi oyera a mumjigo kukhala njira ya matenda otsegula m'mimba. Ndowa yovundikira yokhala ndi kampopi m'munsi imachotsa vuto limeneli pa mtengo wochepa. Klorini, amene alangizi a zaumoyo amagawa makamaka nthawi ya kolera, amapha tizilombo ngati wathiridwa pa muyezo woyenera ndi kusiyidwa mphindi 30 madziwo asanamwedwe, ndipo ubwino wake ndi wakuti amapitiriza kuteteza madzi ali m'ndowa. Koma amafooka madzi akakhala amatope, ndipo akachuluka ana amakana fungo lake. Zoterezi zimafuna mphunzitsi mmodzi amene wapatsidwa ntchitoyi mwachindunji. Nthawi ya Covid-19, sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 n'kuyamba kutsegulidwanso mu Seputembala, ndowa zosambira m'manja zinadzadza pakhomo la kalasi lililonse. Zambiri zinatha ndi dzuwa, timipopi tinathyoka, sopo anasiya kugulidwa, ndipo kolera atafika patangopita zaka ziwiri ntchito inayambanso pachiyambi. Mpondagiya, kachigubu kopachika pamtengo kamene mwana amapendeketsa ndi phazi, amagwiritsa ntchito madzi ochepa kwambiri ndipo ana angamupange okha, koma nayenso amafuna wina woti athiremo madzi m'mawa uliwonse.

M'tauni vuto limavala nkhope ina. Sukulu za kumeneko zimadalira mabungwe asanu ogulitsa madzi, a Lilongwe, a Blantyre, ndi a zigawo zitatu za kumpoto, pakati ndi kumwera. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo amene walandira mpopi walandiranso bilu ya mwezi ndi mwezi. Sukulu ya pulayimale ya boma, imene silipiritsa fizi, ilibe gwero lokhazikika la ndalama zolipirira madzi a ana masauzande, choncho imakapempha kwa makolo, ndipo ngongole ikakula madzi amadulidwa. Kumene kunaikidwa mamita olipiriratu, mayunitsi akatha mpopi umauma nthawi yomweyo. Kuwonjezera apo, madzi a mumzinda amayenda ndi magetsi. Madzi ambiri a mu Blantyre amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amakwezedwa ndi mapampu mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kwa magetsi kunakhudzanso mipopi. Sukulu zogonera konko ndi makoleji ndi amene amavutika koposa madzi akasiya, chifukwa zimbudzi zawo ndi zogejemula, ndipo hositelo ya ana mazana angapo imafika poipa pa tsiku limodzi lokha. Sukulu yotere imafunika thanki yosunga madzi a masiku awiri kapena atatu, zimbudzi zokumba zingapo zoyembekezera tsiku loipa, ndi munthu woyenda usiku kumvetsera kumene madzi akudontha. Kuwerenga mita madzulo ana atagona ndi kuiwerenganso m'mawa asanadzuke kumaulula msanga ngati sukulu ikulipira madzi olowa m'nthaka.

Masiku ano anthu ambiri akuyang'ana ku mapampu a sola, ndipo pali chifukwa chomveka. Pampu ya sola imakweza madzi m'thanki tsiku lonse, thankiyo n'kugawira mipopi ingapo, moti ana makumi angathe kumwa ndi kusamba m'manja nthawi imodzi pa bureki, ndipo mpopi wina ungaikidwe pafupi ndi zimbudzi za atsikana, wina kukhitchini, wina kunja kwa mpanda kwa anthu a m'mudzi. Ikuyankha ndendende vuto la maola asanu ndi atatu aja. Koma imafuna mjigo wa madzi ambiri kuposa pampu ya manja, ndipo ikaikidwa pa mjigo wofooka imaumitsa dzenje n'kupsa. Ikawonongeka, sipanala imodzi sithandiza, mekaniki wa m'dera nthawi zambiri saidziwa, ndipo mtengo wa chipangizo chimodzi ungapose ndalama zonse zimene sukulu imalandira pa chaka. Mapanelo ake amakopanso akuba. Sindikunena kuti sola ndi yoipa, koma amene akuibweretsa ayenera kunena poyera kuti idzakonzedwa ndi yani ndipo ndi ndalama ziti, ndipo kumene kungatheke pampu ya manja isachotsedwe pasukulupo.

Kukolola madzi a mvula padenga kumamveka kokoma, ndipo masamu ake ndi awa. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi. Denga la malata la mamita 15 m'litali ndi 10 m'lifupi, m'dera lolandira mamilimita 800 pa chaka, lingapereke malita pafupifupi 96,000 titachotsa otayika. Kwa ana 1,000 amenewo ndi madzi a masiku 19 okha, ndipo thanki ya malita 10,000 imene sukulu zambiri zimapatsidwa imatha pa masiku awiri. Popeza mvula yathu imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo n'kusiya miyezi isanu ndi umodzi, madzi a padenga ndi othandizira posamba m'manja ndi kukolopa m'dzinja, koma sangatenge malo a mjigo m'chilimwe. M'madera a m'mphepete mwa mapiri muli njira ina yakale, ya mipopi yoyenda yokha kuchokera kumtunda, imene inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwina. Sifuna magetsi, koma moyo wake uli m'nkhalango ya kumtunda, ndipo mitengo ikatha mtsinje umabweretsa matope m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe.

Madzi akasowa, ana onse savutika mofanana. Amene amatumidwa kukatunga pa nthawi ya phunziro kawirikawiri ndi atsikana. Mtsikana amene wayamba kusamba amafuna kachipinda kotsekeka kokhala ndi madzi ndi sopo, ndipo ngati palibe, amasankha kukhala kunyumba masiku amenewo mwezi uliwonse, zimene zimamubweza m'mbuyo pa zaka zomwe akukonzekera mayeso a Sitandade 8. Magulu a amayi a m'sukulu zambiri amasoka nsalu zochapa n'kugwiritsanso ntchito, ntchito yotamandika, koma nsaluzo zimafuna madzi. Mwana wolumala amene sangathe kupopa kapena kudutsa m'matope a pamjigo amangopirira ludzu. Ndiponso pali phala. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno, ndipo miphika yaikulu imeneyo imaphikidwa ndi amayi odzipereka amene amafika kusanache kudzatunga madzi ophikira ndi otsukira. Mjigo ukafa, phala limachedwa kapena kulephereka, ndipo aphunzitsi amadziwa mmene makalasi a ana aang'ono amachepera tsiku lopanda phala.

Pamwamba pa zonsezi pabwera kusokonekera kwa nyengo. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo cha kumwera mu Malichi 2023, anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala, ndipo ambiri a iwo anathawira m'sukulu, chifukwa kumudzi sukulu ndi tchalitchi ndizo nyumba zolimba zokhala ndi malo. Mjigo ndi zimbudzi zimene zinkaperewera kale kwa ana masana okha zinayamba kutumikira mabanja usana ndi usiku, pa nthawi imene kolera anali asanathe. Mijigo ina inamira, madzi osefukira osakanikirana ndi za m'zimbudzi n'kulowa m'dzenje, ndipo mipopi ya m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe inakokoloka. Patangopita chaka, mu Malichi 2024, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Madzi saiwala khwawa, ndipo sukulu za ku Nsanje ndi ku Chikwawa zimene zinamira mu 2015, mu 2019 ndi mu 2022 zikudziwika ndi maina. Kumalo otere mjigo uyenera kumangidwa pa chiunda chokwera cha simenti, ndipo ukamira usagwiritsidwenso ntchito mpaka utapopedwa, kuthiridwa klorini ndi kuyezedwa. Ngati boma likudziwa kuti sukulu inayake idzakhalanso msasa, madzi ake ayenera kuwerengeredwa anthu a mumsasawo.

Chimene chimachedwetsa zambiri mwa izi ndi kugawikana kwa udindo. Sukulu ndi ya unduna wa zamaphunziro, mjigo uli m'manja mwa ofesi ya madzi, pamene klorini ndi kuyendera ukhondo ndi ntchito ya azaumoyo. Nthambi ya madzi payokha yakhala ikusamutsidwa kuchoka mu unduna wina kupita mu wina, ndipo inadzakhala unduna woima pawokha mu 2022. Pa boma, maofesi atatuwa ali pansi pa khonsolo imodzi, koma aliyense ali ndi bajeti yake yopereweranso, ndipo alangizi a madzi ndi ochepa poyerekeza ndi mijigo imene ayenera kuyendera. Mlangizi wa maphunziro wa zoni, amene amafika pasukulu kawirikawiri kuposa onsewa, amayang'ana maphunziro ndi kaundula wa ana. Akanati aziyesanso mjigo ndi ndowa ya malita 20 ndi wotchi, n'kulemba zotsatira zake mu lipoti lomwelo, khonsolo ikanadziwa mijigo yodwala isanafe.

Kalendala ya sukulu imasonyeza yokha nthawi yogwirira ntchito iliyonse. Teremu yoyamba imayamba mu Seputembala n'kudutsa mu Okutobala ndi Novembala, miyezi imene kutentha kumafika pachimake, ana amamva ludzu kwambiri, zitsime za m'midzi zimaphwa, ndipo anthu ochokera kutali amasamukira pamjigo wa pasukulu. Teremu yachiwiri imagwa pakati pa dzinja, nyengo ya kolera ndi ya zimbudzi zogumuka. Choncho klorini, sopo ndi ndowa zovundikira ziyenera kukhala zitafika Disembala isanathe, ndipo ngalande zopatutsa madzi a mvula kuti asalowe kumjigo ndi kuzimbudzi zikumbidwe mvula yoyamba isanagwe. Pampu nayo nthawi yake ndi holide yaitali ya mu Ogasiti, pamene ana kulibe ndipo mudzi ungapirire tsiku limodzi. Mekaniki ndi a komiti amazula malodi n'kuwayala pa udzu woyera motsatana, kusintha kalabala ndi mabushi ngakhale zikuoneka ngati zikadali ndi moyo, kumata ming'alu ya simenti yozungulira mjigo, ndi kufukula dzenje lomwera madzi otayika n'kulidzazanso miyala. Akabwezera zonse, mmodzi amapopa wina atagwira wotchi, ndipo mphindi zimene ndowa yatenga zimalembedwa patsamba loyamba la kope limene ana a Sitandade 7 adzapitirize kulemba sukulu ikatsegulidwa.